Ndapemphedwa kuthandiza khansala wa kwathu: ntchito imeneyi imayambira pati?

Mnyamata wa ku Ngabu:
Makolo ndi abale anga nonse a m'gulu lino, landirani moni. Ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifunse kwa inu amene munayendapo kale njira imeneyi, pakuti safunsa anadya phula. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chitatha, mayi amene anapambana ukhansala m'dera lathu anandiitana n'kundipempha kuti ndiziwathandiza pa ntchito yawo. Pa nthawi ya kampeni ndinkawanyamula pa njinga yamoto ndi kuwalembera mayina a midzi imene tinkayendera, choncho ndinavomera msanga poganiza kuti ntchito yake ikhala yomweyo. Koma tsopano foni yawo yachiwiri ili ndi ine, ndipo imayamba kulira tambala asanatsike. Wina akuti mjigo wawonongeka, wina akufuna bokosi la maliro, wina dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa olandira chimanga, wina akufuna kuti mwana wake alembedwe ntchito kwa kontilakitala amene akumanga buloko ya sukulu. Onsewa ndimangowayankha kuti ndiwauza amayi, ndipo ndikuona kuti mawu amenewa ayamba kuwatopetsa. Kodi ntchito ya munthu wothandiza khansala imayambira pati, nanga imathera pati?

Mlembi wopuma, Nchalo:
Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa mvula isanayambe. Ine ndinakhala zaka zambiri ndikulemba mfundo za misonkhano ya khonsolo, ndiye ndiyambe ndi chinthu chimene achinyamata ambiri sauzidwa. Pa mndandanda wa antchito a khonsolo ya boma palibe udindo wa wothandiza khansala. Inu si wantchito wa khonsolo, ndipo musadzayerekeze kulowa mu ofesi ya mkulu wa zomangamanga kapena wa zachuma n'kumalankhula ngati mwatumidwa kudzalamula. Ndinu munthu wa amayiwo, ndipo mphamvu yanu yonse ili pa kudziwa njira imene nkhani iliyonse imayenera kudzera.

Malinga ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, khonsolo ili ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya osankhidwa, amene amakhala pansi kuvomereza mapulani, bajeti ndi malamulo aang'onoang'ono a m'boma, n'kumalondola ngati zimene anagwirizana zikuchitikadi. Mbali inayo ndi ya bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana, amene amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Khansala sasunga ndalama za chitukuko, sasayina cheke, ndipo sasankha kontilakitala, chifukwa zogulagula zili ndi komiti yake ya antchito a khonsolo. Chimene ali nacho ndi mpando, voti ndi pakamwa, mu komiti imene amuikamo komanso pa msonkhano wa khonsolo yonse, umene umayenera kuchitika kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Mafumu aakulu amakhala nawo pa msonkhanowo ndipo mawu awo amamveka, koma savota.

Musawadabwe anthu akamasokoneza zimenezi. Makhansala oyamba a nthawi ya zipani zambiri anasankhidwa m'chaka cha 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka pa chisankho cha 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zinatiphunzitsa kuti chitukuko ndi mphatso yochokera m'thumba la munthu wamkulu, ndipo maganizo amenewo sanathebe.

Mayi wa ADC, Makhanga:
Abambo a ku Nchalo alongosola za kuboma, ine ndiwonjezere za kumudzi, chifukwa nkhani ya chitukuko simayambira pa foni ya khansala. Imayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kumene midzi ya pansi pa gulupu imakhala pansi n'kusankha zimene ikufuna poyamba. Kuchoka apo imabwera kwa ife a ADC, komiti ya chitukuko ya dera la pansi pa mfumu yaikulu, kumene timaika pamodzi zofuna za magulupu onse, kenako ndi pamene imapita kukhonsolo kuti ikalowe mu pulani ya chitukuko ya boma lonse. Munthu akakuimbirani kuti akufuna mlatho kapena nyumba ya mphunzitsi, mumufunse kaye ngati nkhaniyo inakambidwa ku VDC ya kwawo, ndipo ngati inakambidwa, mupemphe kuona pepala la mfundo zake. Pepala limenelo ndilo chida cha amayi anu akakaima m'komiti.

Pempho langa lalikulu ndi lakuti muziwabweretsa amayiwo ku misonkhano ya ADC, ndipo akalephera muzibwera inuyo kudzamvetsera ndi kulemba. Ife kuno kwa Mlolo, chichokereni mlatho wa ku Chiromo mu 1997, kuti tikafike ku Nsanje boma timayenera kuoloka Shire pa bwato kukatulukira ku Bangula, ndipo madzi akachuluka ulendowo umakhala wa mtima m'malere. Choncho khansala akapita kuboma amakhala atanyamula maso ndi makutu athu. Akabwerako osatiuza kanthu, timakhala ngati tamutuma kuti akangodya alawansi, ngakhale atakhala kuti anatilankhulira bwino kwambiri. Ndipo pobwera ku ADC nsalu ya chipani muziisiya kunyumba.

Wa ku East Bank:
Achimwene a ku Ngabu, ine ndinagwira ntchito yofanana ndi yanuyi kuyambira mu 2019 mpaka mu 2025, ndipo ndikanakonda wina akanandiuza pachiyambi zimene ndikulembazi. Gulani kope lalikulu la chikuto cholimba. Tsamba lililonse mulijambule mizere isanu: tsiku, amene wabweretsa nkhani ndi mudzi wake, nkhaniyo, kumene mwaipititsa, ndi yankho limene mwabwezera mwini wake. Mzere wachisanuwo ndi umene umavuta kudzaza, koma ndi umene anthu amakuyezerani. Kope langa loyamba linanyowa ndi madzi a namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndinaliyanika tsamba ndi tsamba pamwamba pa malata, ndipo mpaka lero ndikalitsegula ndimaona mayina a anthu amene sindinawabwezere yankho.

Chachiwiri, phunzirani kusiyanitsa nkhani. Mjigo ukangotha timphira kapena ndodo ikaduka, imeneyo si nkhani ya khonsolo. Pa mjigo uliwonse pamayenera kukhala komiti imene imasonkhetsa kangachepe kwa otunga madzi, ndipo m'dera mumakhala mmisiri wa mijigo wophunzitsidwa. Ntchito yanu ndi kukhala ndi nambala ya mmisiriyo ndi kufunsa komiti kuti ndalama zosonkha zili kuti. Za kolera kapena zimbudzi muyambire kwa mlangizi wa zaumoyo, za mbewu ndi ziweto kwa alangizi a zaulimi, ndipo za malire a minda muzibweze kwa mfumu mwaulemu, osaikapo mlomo wanu ngakhale pang'ono.

Chachitatu ndichilemba ndi chisoni. Tsiku lina pa msonkhano wa m'mudzi wina, amayi atadandaula kwambiri za mtunda umene ankayenda kukatunga madzi, ine ndinaimirira n'kunena kuti pofika Khirisimasi adzakhala akumwa madzi a mjigo watsopano. Ndinanena chifukwa ndinali nditamva kuti mudziwo uli pa pulani. Mjigo unakumbidwadi patapita nthawi yaitali, koma madzi ake anatuluka a mchere, monga mmene zimachitikira m'malo ambiri kuno kuchigwa, moti amayi ankangochapira zovala. Gogo wina ananditengera madziwo m'kapu ya pulasitiki n'kundiuza kuti ndilawe pamaso pa anthu onse. Sanandinyoze, anangondiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo sindinatchulenso tsiku la chinthu chimene sichili m'manja mwanga.

Wachinyamata wa pa Dyeratu:
Ndawerenga zonse mwaulemu, koma ndikupempha kuti tisabise mbali ina ya choonadi. Ukhansala ndi mpando wa ndale, ndipo amayiwo sanafike pamenepo chifukwa cha mapepala a VDC. Alipo anyamata ndi amayi amene anapsa ndi dzuwa la kuno akuyenda khomo ndi khomo, ena anagona panja pa malo oponyera voti kudikira zotsatira. Kodi mwayi ukapezeka, kaya wa ganyu pa ntchito ya msewu kaya wa thandizo, n'kulakwa kuwakumbukira amenewa poyamba? Komanso khansala amene sapereka kanthu pa maliro, kuno kwathu sadzawinanso, ngakhale atadziwa malamulo onse pamtima. Mnzathuyu akangotsatira zimene mukumuuzazi, adzakhala wolungama koma abwana ake adzagwa mu 2030.

Wa ku East Bank:
Pa za maliro mwanena zoona pang'ono, ndipo sindikufuna kukutsutsani mwachisawawa. Kusafika pa maliro ndi mlandu waukulu, ndipo wothandiza khansala ayenera kudziwa maliro alionse a m'dera dzuwa lisanakwere, kuti abwana ake akafike kapena atumize mawu ndi chipepeso chimene angakwanitse. Koma bokosi ndi nkhani ina. Ndalama imene khansala amalandira pa mwezi ndi yochepa, yosakwana kugula mabokosi a wodi yonse, ndipo mukagulira banja limodzi mwatsegula khomo limene simudzatha kulitseka. Ndinaona makhansala ena akulowa m'ngongole za katapira chifukwa cha zimenezi, ndipo khansala wangongole ndi amene amayamba kuyang'ana kontilakitala ndi diso lina. Ife tinagwirizana kuti chipepeso chikhale chofanana pa maliro alionse, kaya ndi a wotitsatira kaya ndi a wotitsutsa, ndipo tinalimbikitsa mabanki a m'mudzi kuti azikhala ndi thumba la zadzidzidzi. Poyamba anthu anang'ung'udza, koma kenako anazolowera chifukwa ankadziwa kuti palibe amene akulandira zambiri mseri.

Mayi wa ADC, Makhanga:
Mwana wanga wa pa Dyeratu, za ganyu tikhoza kukambirana tsiku lina, koma za thandizo la pa ngozi ndikukanirani ndi mtima wanga wonse. Ine ndaona madzi a mu Januwale 2015, ndaona Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Madzi a Ruo akamalowa m'mudzi usiku safunsa kuti nyumba iyi inavotera ndani. Pa msasa wina umene ndinathandizako pambuyo pa Freddy, tinkagona m'makalasi, amayi ndi ana mbali ina, abambo mbali ina, ndipo ufa unkayezedwa ndi mbale. Kunabwera mnyamata wina wotumikira wandale, atanyamula pepala lake la mayina, akufuna kuti liphatikizidwe pa mndandanda wa komiti. Titawaitana mayinawo mokweza pamaso pa anthu, tinapeza kuti ena mwa iwo nyumba zawo zinali zilili kumtunda, pamene mayi wina amene anapulumuka ndi mwana kumbuyo ndi poto mmodzi m'manja sanalembedwe paliponse. Mnyamatayo ankaganiza kuti akuthandiza abwana ake, koma anawachotsera ulemu umene sanaupezenso.

Mndandanda wa okhudzidwa ndi ngozi umalembedwa ndi komiti yoona za ngozi ya m'mudzi, umatsimikizidwa ndi komiti ya dera ndi ya boma, kenako umapita ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. A Mtukula Pakhomo nawo ali ndi njira yawo yosankhira mabanja kuchokera m'kaundula. Ntchito ya khansala ndi womuthandiza wake si kulemba mayina, koma kuonetsetsa kuti mayina awerengedwa poyera, ndi kunyamula madandaulo a amene asiyidwa kupita nawo kumene angamveke. Mukafuna kutumikira chipani ndi wodi pa mndandanda umodzi, kumbukirani kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Wachinyamata wa pa Dyeratu:
Amayi, pa nkhani ya msasa ndagonja, ndipo sindingafune kuti dzina langa limveke pa zoterozo. Koma ndikuumirirabe kuti mnzathuyu asawataye anthu amene anagwira ntchito pa kampeni. Aziwayendera, aziwauza zimene zikuchitika, ndipo ntchito ikalengezedwa poyera aziwadziwitsa msanga kuti akapikisane nawo monga wina aliyense. Akangowasiya osawalankhula, iwowo ndi amene adzayambe kufalitsa kuti amayi asintha.

Mwana wa kwa Tengani, wokhala ku Blantyre:
Ndalowa mochedwa chifukwa cha ntchito, koma nkhaniyi ikundikhudza popeza ndakhala ndikuthandiza khansala wina kuno kumzinda. Dziko lathu lili ndi makhonsolo a mizinda anayi, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo kumeneku makhansala amasankha mfumu ya mzinda pakati pawo, pamene antchito amatsogoleredwa ndi mkulu wa khonsolo m'malo mwa bwanamkubwa. Madandaulo a kuno ndi a zinyalala zosatoledwa, ngalande zotsekeka, malo a ochita malonda, mapuloti ndi misonkho ya nyumba, chifukwa mzinda umadalira kwambiri ndalama zimene umatolera wokha. Kwathu kuchigwa ndalama zotolera pamsika ndi ziphaso za malonda ndi zochepa, ndipo khonsolo imadalira kwambiri zochokera ku boma lalikulu. Koma mtima wa ntchito ya wothandiza ndi umodzimodzi.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi mapepala. Msonkhano wa komiti usanachitike, makhansala amalandira mtolo wa malipoti, pafupifupi onse m'Chingerezi, odzaza ndi manambala. Khansala amene wakhala sabata yonse pa maliro ndi pa milandu ya anthu sapeza nthawi yowawerenga, ndipo amakafika m'chipinda n'kungovomereza zimene zawerengedwa. Apa ndi pamene inu mungasinthe zinthu. Tengani mtolowo usiku, muwerenge modekha, mutulutsemo zonse zokhudza wodi yanu, ndipo mulembe tsamba limodzi lokha m'chinenero chimene amayiwo amaganizira: ntchito yakuti inapatsidwa ndalama zakuti, lipoti likuti yafika pakuti, koma ine nditapitako dzulo ndinapeza zakuti. Pansi pake muikepo mafunso awiri kapena atatu oti akafunse. Ngati lipoti likunena kuti buloko ya sukulu yafika pa denga, pitani mukaione, mukajambule ndi foni, mukagwire khomalo ndi dzanja kuti muone ngati pulasitala sakuyoyoka. Funso lochokera kwa munthu amene waona ndi maso limayankhidwa mosiyana ndi funso longomva.

Ndiwonjezere kuti musamalembe kanthu pa Facebook kapena pa magulu a WhatsApp m'dzina la amayiwo iwo asanaone, ndipo zimene mwamva m'chipinda cha komiti kapena m'nyumba mwawo zikhale za inu nokha.

Mlembi wopuma, Nchalo:
Mawu a mwana wa kwa Tenganiwa ndi olemera, ndipo ndingowonjezerapo za nthawi. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, kutanthauza kuti makhonsolo amakhala akukonza mabajeti awo m'miyezi ya dzinja, nthawi yomweyo imene kuno timakhala tikulimbana ndi madzi. Ntchito imene sinalowe mu pulani pa nthawi imeneyo idzadikira chaka china, ngakhale mutalira motani mu Juni. Choncho mapepala a ma VDC muwasonkhanitse tsopano, misewu isanaduke. Mudziwenso kuti wapampando wa khonsolo ya boma amasankhidwa ndi makhansala anzake, ndipo nthawi ya chisankho chimenecho pamakhala kukokanakokana kwambiri. Inu musakhale mtenga wa mauthenga a mseri.

Za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF, limene linayamba mu 2006, muyende nazo mosamala. Lakhala likuyambanitsa aphungu ndi makhansala kwa zaka zambiri, makamaka chisinthireni lamulo mu 2010 pamene aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo. Bungwe la makhonsolo la MALGA linatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'khonsolo ndi kuyendetsa kwawo thumbali n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Nkhani zotere zimakambidwa ndi akuluakulu, ndipo inu musakangane nazo ndi anyamata a phungu pamsika. Mudzafunana nawo tsiku limene mlatho wa m'dera lanu udzakokoloke. Pomaliza, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho kupempha kuona mtengo wa ntchito ya chitukuko si chipongwe, bola mupemphe mwaulemu ndi molemba.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Funso limodzi silinafunsidwe, ndipo ndikuona kuti mnyamatayu akuchita nalo manyazi. Kodi mukudya chiyani pa ntchito imeneyi? Ngati khonsolo sikulipirani, mukhale pansi ndi amayiwo mugwirizane momveka za mafuta a njinga, mayunitsi ndi kangachepe ka sopo, ndiponso masiku amene muzigwira ntchito pa sabata. Musasiye munda wanu wa thonje kapena mapira, kapena geni imene muli nayo, chifukwa wothandiza wanjala ndi amene amalandira envulopu ya kontilakitala, ndipo akalandira kamodzi pakamwa pake pamatsekeka mpaka ntchito itagwa. Komanso pa misonkhano ya kumudzi muzilankhula chinenero cha eni mudzi. Kumene anthu amalankhula Chisena, nkhani ya bajeti ilongosoledwe m'Chisena, kuti agogo nawonso athe kufunsa mafunso awo.

Mnyamata wa ku Ngabu:
Makolo anga, pepani kuti ndinakhala chete masiku asanu ndi atatu. Ndimafuna ndibwerere ndi zochita osati mawu okha. Ndinawawerengera amayi zonse zimene munalemba, ndipo anandiuza kuti ndikuthokozeni m'malo mwawo. Kope ndinagula, ndipo pofika dzulo linali ndi nkhani 23. Mwa zimenezi, zisanu ndi ziwiri zinali za mijigo, ndipo nditaitana mmisiri wa m'dera tinapeza kuti inayi ikungofunika zipangizo zazing'ono zimene makomiti angathe kugula okha. Iwiri yakonzedwa kale. Bambo amene ankafuna ntchito ya mwana wawo ndinawauza maso ndi maso kuti amayi alibe mphamvu yolembetsa munthu ntchito kwa kontilakitala. Anakhumudwa ndipo sanandiyankhe moni kwa masiku awiri, koma dzana anabwera okha kudzandiuza za kalavati imene yatsekeka ndi mchenga pafupi ndi sukulu, ndipo nayonso ndailemba.

Za malipiro tagwirizana kuti ndizigwira masiku anayi pa sabata, enawo ndizikhala kumunda. Ma VDC atatu andipatsa kale mapepala awo, awiri atsala, ndipo imodzi mwa iwo ikuoneka kuti sinakumane kwa nthawi yaitali, moti amayi apempha agulupu kuti aitanitse msonkhano Loweruka likubwerali. Abambo a ku Nchalo, mtolo wa mapepala a komiti wafika lero madzulo, ndipo pali tebulo lina la manambala limene mizere yake iwiri sindikuimvetsa. Ngati mungalole, ndidzakupezani Lachinayi m'mawa ndisanapite kukaona buloko ya sukulu ija.

Mlembi wopuma, Nchalo:
Bwerani dzuwa lisanatenthe, mwana wanga, ndipo mutenge mtolo wonsewo pamodzi ndi kope lanulo. Mubweretsenso lipoti la miyezi itatu yapitayo ngati amayi analandira, chifukwa manambala a tebulo limenelo amamveka bwino mukawaika pambali pa akale.